Bere la Mulekeni

Kanakantapa, 12 Meyi 2025

Mwana wanga Nelesi, Nambewe,

Moni kwa iwe ndi kwa apongozi anga a Rodgers. Kuno ndadzuka, mawondo okha ndiwo akudandaula. Kalatayi ndapatsira a Jabez a minibasi monga kale. Foni imene unandigulira ili m'chitini, usandifunsenso. Mawu a pafoni amauluka, a papepala umawabwereza mpaka akulowe. Sukulu sindinaione m'kati, koma zilembo zimene ndinatola m'buku la nyimbo zikundikwanira, ndipo manambala ndimawadziwa kuposa mlaliki.

Nkhani ndi ya galu wathu Mulekeni. Sabata latha anayamba kuitana amuna. Agalu onse a m'mafamu muno anadzaza pabwalo, ena a mphere, ena osadziwika ndi atate awo omwe. Ndinamutsekera m'khitchini masiku anayi, ine pakhomo ndi ndodo. Lachisanu ndinamumanga chingwe, ulendo wa ku Nkomeshya kwa a Lazarous Sakala, amene ali ndi galu wamphongo wofiira wa makutu oima, mtundu weniweni wa kwathu. Theka la njira tinakwera ngolo ya anthu a tomato, kotsalako miyendo. Anakwerana dzuwa litapendeka, nakolana nthawi yokwana kuphika tiyi ndi kumwa. A Lazarous akuti zatheka, ndipo mwana mmodzi adzakhala wawo monga mwa mwambo.

Iwe unali wa kumsana pamene tinachoka ku Katete, ndiye ndikukumbutse. Amayi ako anakwera lole ali ndi iwe kumbuyo ndi kagalu m'dengu. Kagaluko ndiye Chikuse. Chikuse anaswa Adzatopa, Adzatopa anaswa Sizanga, Sizanga anaswa Nkhanizawo, Nkhanizawo anaswa Mulekeni. Mayina onsewa anatcha ndi amayi ako. Munthu akawalakwira sankakangana naye, ankangotcha galu. La Mulekeni anatcha akuyang'ana ine, chaka chimene ndinakana kupita kuchipatala ndi mwendo uja.

Ana aakazi a Mulekeni amene tinasunga anafa onse. Amayi ako ali gone chaka chatha anandiuza kuti mbewu ya Chikuse isathe pakhomo pano. Galuyu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Akapanda kutenga bere ulendo uno, wina kulibe.

Galu amaswa pa masiku 63. Ndaika botolo pawindo, m'mawa uliwonse ndimaponyamo njere imodzi ya chimanga. Lero zakwana zitatu. Unditumizire tinsomba touma ta kapenta, osati ta ine, ta iye. Undiuzenso ngati chifuwa chija chinakuleka.

Ine atate ako,
Tenson Mbewe


Silverest, 25 Meyi 2025

Atate,

Nalandira kalata yanu. Tonse tili bwino, chifuwa chinasila. Ba Rodgers apereka moni. Kapenta napatsira ba Jabez, pamodzi na shuga na mankhwala opaka mawondo. Kapentayo mudyeko na imwe.

Nakondwa za Mulekeni, koma ninakhumudwa kumva kuti munayenda mtunda wonse uja na mawondo aja. Mukanagwa panjira sembe tinamva kwa ndani?

Atate, musakalipe. Ninafunsa ba dokota ba ziweto amene amaona galu wathu kuno. Akuti kukolana sikutanthauza kuti bere lagwira, makamaka kwa galu wokalamba. Akuti pakapita masabata anayi amatha kuona m'mimba na makina, monga amachitira azimayi kukiliniki. Amameta pang'ono chabe pamimba, apaka mafuta, tiana tionekera pagalasi. Sichiwawa, ndipo mphindi khumi zatha. Ba Rodgers akuti angabwere na motoka kukutengani nonse awiri. Mugone masiku awiri, muonekonso chipinda chimene tinakumangirani. Chili chabe chokhoma kuyambira pa maliro a amama. Nimasesamo Loweruka lililonse.

Muniyankhe tsiku limene mufuna.

Mwana wanu,
Nelesi


Kanakantapa, 10 Juni 2025

Nambewe,

Moni nonse. Katundu anafika. Shuga wachepa poyerekeza ndi ulendo watha, koma sindikudandaula.

Za makina ako ndamva. Uwauze adokotala akowo kuti Tenson Mbewe anayamba kuona agalu akuswa iwo asanabadwe. Makina anga ndi maso ndi chikhatho. Lero m'botolo muli njere 32, ndipo tamvera zimene ndaona. Mawere ake, amene anali ofota ngati zikopa, adzuka, nsonga zafiira. Sabata latha ankakana chakudya cham'mawa, kawiri anasanza thovu. Agologolo akudutsa pamphuno pake, iye kungotsegula diso limodzi. Ndikapita kudimba amanditsata pang'onopang'ono, ndikakhala pansi amaika mutu pamwendo panga. Nkhanizawo ankachita chimodzimodzi, Sizanga chimodzimodzi. Kodi galasi lingandiuze chiyani choposa apa?

China. Kwathu bere saonetsa alendo. Amayi ako ali ndi pakati pa iwe, ngakhale mlongo wanga sanauzidwe mpaka miyezi inayi. Galu wa bere sitimumeta, sitimukweza pagalimoto, sitilola dzanja la munthu wachilendo pamimba pake. Ana amabwerera. Iwe uziti ndi zachikale. Zachikalezo zasunga agalu asanu pakhomo pano.

Ndipo usandione ngati mwana. Galu wanu wamkulu uja wa kumpanda, amene amadya chakudya cha m'sitolo, suja apongozi anamutengera kwa dokotala yemweyo nabwera naye wosokedwa pamimba, wosadzaswanso? Ndiye nkhani ya chipinda yalowa bwanji m'nkhani ya galu? Msampha ndinayamba kutchera ndili mnyamata, ndimaudziwa ngakhale auphimbe ndi masamba. Masiku awiri adzasanduka mwezi, mwezi chaka, ine ndili pampando kuyang'ana khoma la mpanda. Manda a amayi ako adzalambula ndani?

Sindikukalipa. Uzingotumiza kapenta.

Atate ako,
Tenson


Kanakantapa, 22 Juni 2025

Nambewe,

Moni. Masabata awiri popanda yankho. Ngati mawu anga anakuwawa, ndiye kuti anafika pamene ndinawatuma. Koma atate sawanyanyalira. A Jabez sindinawaone, minibasi yawo akuti ili kugalaja, kalata ija ndinapatsira mnzawo. Iyi ndapereka kwa amayi a kutchalitchi amene akupita ku Lusaka mawa.

Njere 44. Ukanamuona Mulekeni! Mimba yatsika, yakula mbali zonse, akamayenda imachita kugwedezeka. A Boyd oyandikana nafe akuti muli asanu ndi mmodzi, ine ndikuti asanu ndi atatu. Chakudya akudya pang'ono, kapenta amangotola mitu, koma n'chifukwa malo m'mimba achepa. Madzi ndiye usanene. Kuzizira konseku, ine tiyi yekha, iye beseni lathunthu katatu pa tsiku, n'kumakodza pafupipafupi. Sindinaonepo galu womwa chonchi. Ndiye ndikuti ana ndi ambiri, aliyense akuitanitsa ake.

Kugunda kwa ana sindinakumve. Ndimaika chikhatho m'mawa ndi madzulo, mimba ili njo, yotentha, koma phee. Masiku ake sanakwane bwino, Nkhanizawo ndinamumva cha kuma 50. Ndamuyalira saka m'khitchini pafupi ndi moto.

Wamkazi woyamba kutuluka ndi wa pakhomo pano. Dzina ndilibe, wotcha mayina anapita. Mwina utche ndiwe, ngati uli ndi mlandu ndi munthu.

Atate ako,
Tenson


Silverest, 26 Juni 2025

Atate,

Makalata anu onse awiri afika lero, tsiku limodzi. Sininanyanyale. Yoyamba mnzawo wa ba Jabez anaisiya m'minibasi, inagona kugalaja masiku onsewa. Iyi ba Rodgers aipereka okha m'manja mwa ba Jabez, minibasi yayambanso kuyenda.

Nawerengera ba dokota makalata onse pafoni. Pa mawere na kusanza anangoti inde, inde. Akuti zimenezo zimabwera kwa galu wamkazi pambuyo pa nyengo yake, kaya ali na bere kaya alibe, ngakhale mkaka ungatuluke. Koma nitafika pa mabeseni atatu ananiimitsa, anati niwerengenso. Anafunsa zaka zake. Kenaka anati galu wa bere samwa madzi motero, ndipo sasiya kudya pa nthawi ino. Akuti pali matenda amene amagwira agalu aakazi okalamba patapita mwezi kapena iwiri kuchokera pa nyengo yawo. Chiberekero chimadzaza mafinya, mimba n'kukula monga bere. Akuti sanganene motsimikiza asanamuone, mwina tiana tilimodi, makina adzaonetsa. Koma ngati ni mafinya, afunika opaleshoni yochotsa chiberekero mwamsanga, apo ayi afa.

Tibwera Loweruka lino m'mawa, na ba dokota na makina awo. Simudzakwera motoka ngati zonse zili bwino, adzamuona pakhomo panu pomwepo, imwe mutamugwira. Ngati ni opaleshoni, tidzamutenga, ndipo mudzakhala na ise mpaka achire.

Za msampha zanipweteka, Atate. Chipinda ni chipinda chabe. Uja ni galu wa amama, naine ninakula na agogo ake. Chonde mutidikire.

Nelesi


Kanakantapa, pakhonde panu, 28 Juni 2025

Atate,

Nilemba pa bondo, niika pansi pa chitseko. Tinafika 9 koloko. Manje ni 14 koloko, ba dokota ali na ntchito ina, tibwerera.

Tapeza loko pachitseko. Ba Boyd akuti munawauza kuti mupita kumaliro ku Nkomeshya, koma anena akuyang'ana pansi. Kumaliro na galu wodwala? Naitana kuzungulira nyumba, napita kumanda a amama, natsika mpaka kudimba. Naitana imwe, naitana Mulekeni mpaka mawu anauma. Ba Rodgers anafuna kuyendetsa kupita ku Nkomeshya, nawaletsa. Nidziwa kuti kalata yanga munalandira, ba Jabez aniuza.

Khitchini munasiya yotsegula. Ba dokota anatenga saka yogonera Mulekeni, anaona madontho ouma a chikasu chosakanikira na magazi, ananunkhiza. Anangoti masiku atsala ochepa, ndipo si masiku a m'botolo lanu. Botololo naliona pawindo, nawerenga kudzera pagalasi, zili ngati 50.

Atate, sinikupemphani kuti musamuke. Nalumbira pa manda a amama lero. Khalani kuno mpaka Mulungu akuitaneni. Chipinda tiikamo makasu na njinga. Tipatseni chabe galu masiku atatu, imwe mutsale. Tulutsani foni m'chitini, ba Boyd akutchajireni, muimbe kamodzi chabe n'kudula, tidzadziwa, tidzabwera nthawi iliyonse.

Nasiya kapenta na buledi kwa ba Boyd.

Mwana wanu,
Nelesi


Kanakantapa, 5 Julayi 2025

Nambewe,

Moni. Kalata ya pansi pa chitseko ndinaipeza. Kumaliro ndinapitadi, munthu sasankha tsiku la maliro. Pepani mafuta a galimoto.

Mwana wanga, iwe wekha unalemba ndi dzanja lako kuti adzachotsa chiberekero. Chiberekero chikachoka, mbewu ya Chikuse yatha, kaya galu akhale moyo zaka zina khumi. Ndiye ndikawauza chiyani amayi ako? Kuti ndinamupereka ndekha kumpeni ana ali m'kati, chifukwa munthu wina ananunkhiza saka?

Tamvera tsono. Njere 57. Dzulo anakwawira kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kukumba dzenje, natengerako chisanza changa chakale. Galu wamkota sakandira pachabe, akukonza pogonera ana. Ndinafinya bere limodzi, mkaka unatuluka, woyera. Kodi mafinya amabwera ndi mkaka? Ufunse adokotala ako.

Kufooka wafookadi, sindibisa. Miyendo yakumbuyo ikukana, ndimachita kumudzutsa. Phala ndimamumwetsa ndi supuni, theka limabwerera. Koma ndi wamkulu, katundu ndi wolemera. Zotuluka zija munaona pasaka zasiya, ndiye kuti zinali zoyeretsa njira. Lachinayi m'mawa ndinasiya chikhatho pamimba nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti china chinasuntha. Ndikuganiza choncho.

Masiku asanu ndi limodzi okha. Mubwere pa 13, mudzaone ndi maso. Apongozi adzasankhe wawo.

Atate ako,
Tenson


Kanakantapa, 13 Julayi 2025

Mwana wanga Nelesi,

Moni kwa iwe ndi apongozi. A Jabez akuti mukonzeka kubwera masana ano, ndawapempha kuti afike kwanu msanga ndi kalatayi. Musabwere lero. Palibe choona.

Mulekeni anafa Lachitatu, njere zili 61. M'mawa ndinamupeza kudzenje lake kuseri kwa nkhokwe, akupuma mofulumira, nkhama zayera. Ndinati ndi zowawa za kuswa. Ndinawiritsa madzi, ndinabweretsa nsanza zoyera, ndinakhala naye pansi. A Boyd anabwera, anayang'ana, nati a Mbewe, tulutsani foni ija. Ndinawauza kuti apite akaone ng'ombe zawo. Dzuwa lili pamutu anatambasula miyendo, nandiyang'ana, basi.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinaganiza za ana. Galu akafa pa masiku amenewa, ukafulumira ndi mpeni umatha kupulumutsa mmodzi kapena awiri, atate anga anachitapo ine ndikuona. Ndinathamangira mpeni wanga wosendera, mawondo osawamva. Ndinapempha Mulungu wamkazi mmodzi yekha. Ndinang'amba bwinobwino, monga ndimachitira.

Nambewe, munalibe mwana. Ngakhale mmodzi, ngakhale kanthu kooneka ngati kanayamba kukhala mwana. Munali matumba awiri aatali otupa ngati mkono wanga, limodzi litaphulika kale. Zimene zinatuluka sindilemba. Ndinafufuzabe ndi zala, uku ndi uku, ngati munthu wofuna ndalama m'thumba lobooka. A Boyd ndiwo anandigwira paphewa nanditengera mpeni.

Ndiye kuti masiku onse aja ndimayeza mimba ndi chikhatho, n'kumauza anthu kutchalitchi kuti asanu ndi atatu, ndinkanyadira chinthu chimene chinkamudya. Ankamwa madzi chifukwa ankapsa m'kati, ine n'kumaseka. Chimene chinasuntha Lachinayi lija chinali chala changa.

Tamuika pansi pa mtengo wa mango, kumene kuli Nkhanizawo. Kwa a Lazarous ndatumiza mawu kuti asadikire. Kumanda a amayi ako sindinapiteko. Ndimafika pa mphambano ya kanjira n'kubwerera. Botolo lili pawindo pomwepo. Lachinayi ndi Lachisanu ndinaponyamobe njere, dzanja linapita lokha. Zakwana 63.

A Boyd anandifunsa ngati opaleshoni ikanamuchiritsa. Ndinati sindidziwa. Iwe usandiuze zimene adokotala anganene. Ndikudziwa kuti mbewu inali itatha kale, mpeni wa dokotala kapena wanga. Koma galu akanakhalapo. Bwenzi pano ali pamwendo panga.

Usanditumizire kagalu ka m'tauni. Kapenta amene watsala ndapatsa a Boyd. Za chipinda sindingayankhe tsopano.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene ndakhalira ndi pepalali kuyambira m'mawa. Kunalibe maliro ku Nkomeshya. Loweruka lija ndinamunyamula pawilibala kusanache bwino, ndinapita naye kudimba, tinalowa pakati pa nthochi zija anabzala amayi ako. Galimoto ndinaiona ikufika. Ndinakuona ukuzungulira nyumba, ndinakuona ukupita kumanda. Kenaka unatsika kudimba, unaima pa chitsime, wavala chitenje chobiriwira cha amayi ako. Pakati pa iwe ndi ife panali ngati mapazi makumi awiri.

Unaitana ine, ndinakhala chete. Unaitana iye. Nambewe, anakumva. Galu amene anali asanaimirire yekha masiku awiri anaimika makutu, mchira unayamba kumenya pansi, anakoka miyendo kuti adzuke abwere kwa iwe. Anatsegula kukamwa kuti akuyankhe.

Ndinamugwira pakamwa ndi manja onse awiri mpaka unapita. Sanandilume. Ankangondinyambita m'chikhatho.

Ine atate ako,
Tenson Mbewe